Mphaka wa manthongo osatha: thandizo la vetenale la m'chigwa cha Shire limathera pati, nanga ku Blantyre mukapezako chiyani

Kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje mphaka amawetedwa chifukwa cha ntchito yake: kulondera matumba a mapira ndi chimanga, ndi kuthana ndi makoswe m'magolosale a pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula. Akadwala maso ntchitoyo imaima, poti mphaka wotsinzina ndi wotsekeka mphuno sasaka, ndipo chakudya sachimva fungo. Eni ake ambiri amagula kachubu ka mankhwala a maso, manthongo n'kutha, pakapita milungu ingapo n'kubweranso.

Tinene poyera. Thandizo la vetenale lopezeka m'chigwa muno linakonzedwera ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Diso la mphaka lomwe langoyamba kufiira dzulo, alangizi a ziweto ndi mashopu a mankhwala atha kulithandiza. Koma diso lomwe latha sabata likupakidwa mankhwala osasintha, kapena lomwe lachira n'kuyambiranso kachitatu, likufunika zoyezera zomwe kuno sizipezeka wamba. Ulendo wokwera phiri kupita ku Blantyre ukachedwa, diso limafa.

Chomwe chimabwereza matendawa kawirikawiri ndi kachilombo ka feline herpesvirus. Mphaka amakatenga ali mwana, kwa mayi ake kapena kwa anzake, kudzera m'mamina ndi m'misozi. Chimfine choyambacho chimatha m'milungu iwiri kapena itatu, koma mwa amphaka 10 omwe adwalapo, pafupifupi 8 amatsala nako moyo wonse katabisala m'mitsempha ya kumaso. Kamadzuka thupi likafooka: mphaka akabereka, akakhala ndi njala, akapatsidwa mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid, kapena akasamutsidwa mwadzidzidzi, monga momwe mabanja amasamukira pothawa madzi osefukira, zomwe chigwa chino chinaona pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Tetracycline, mankhwala opaka m'maso a m'kachubu aja, sapha kachilomboka. Amangopha mabakiteriya omwe apezerapo mwayi, n'chifukwa chake mafinya amatha koma misozi ndi kutsinzina zimabwerera.

Wachiwiri ndi bakiteriya wa Chlamydia felis. Amayamba diso limodzi, pakapita masiku ochepa n'kugwira linalo, ndipo mnofu wa m'kati mwa chikope umatupa mpaka kutulukira kunja. Ameneyu tetracycline wopaka amamugonjetsa pang'ono, koma samumaliza, chifukwa amakhalanso m'ziwalo zina za thupi komwe mankhwala opaka safika. Amafuna mankhwala akumwa kwa milungu inayi, ndipo amphaka onse a pakhomo amwe limodzi. Mukasiya mmodzi chifukwa akuoneka wabwinobwino, ndi yemweyo adzapatsirenso anzake.

Chigwa chino chili ndi zakezake zowonjezera. Fumbi la chilimwe, phulusa la nzimbe zowotchedwa nthawi yodula kufupi ndi Nchalo, ndi utsi wa nkhuni m'khitchini momwe amphaka amakonda kugona, zonsezi zimanyereretsa diso lomwe ndi lodwala kale. Njere za udzu ndi za chisoso zimalowa kuseri kwa kachikope kachitatu, kaja koyera kamene kamachokera pakona ya diso kufupi ndi mphuno, ndipo zimakanda diso mphaka akangophethira. Diso limodzi lotsekeka mwadzidzidzi pa mphaka yemwe dzulo anali bwino, liganizireni chitsotso kapena chikhadabo cha mnzake musanaliganizire matenda.

Shopu ya mankhwala a ziweto, kapena famase ya pa boma, ndi pomwe anthu ambiri amayambira, ndipo zofunika zingapo zilipo. Tetracycline wopaka m'maso wa 1% ndi wotchipa, ndipo ndi woyenera kuyambira: mzere wa mamilimita 5 m'kati mwa chikope chapansi, katatu kapena kanayi patsiku. Chloramphenicol wodontheza kapena wopaka nayenso amphaka amagwirizana naye. Madzi a saline (madzi oyera a mchere pang'ono) otsukira diso ndi masirinji omwetsera zimapezekanso. Mpaka pamenepa palibe chodandaula.

Vuto n'lakuti wogulitsa samuona mphakayo. Amangomva kuti "diso lafiira" n'kupereka omwe amathetsa kufiira mwachangu, ndipo amenewo kawirikawiri amakhala osakaniza ndi steroid. Werengani pachubu kapena pabotolo. Mukaonapo dexamethasone, betamethasone, prednisolone kapena hydrocortisone, musaike m'diso la mphaka dotolo asanayeze ngati mulibe chilonda. Steroid amathetsa kufiira m'masiku awiri, mwini wake n'kuyamikira mankhwala, koma pansi pake chilonda chasiya kupola, kachilombo ka herpes kadzuka, ndipo mabakiteriya ayamba kusungunula kagalasi ka kutsogolo kwa diso. Chilonda chotere chikhoza kuboola diso m'masiku awiri kapena atatu.  Gentamicin wodontheza, yemwe amagulitsidwanso kwambiri, si woopsa chotero, koma pa Chlamydia sachita kanthu, ndipo amaluma pa diso lachilonda.

Palinso mankhwala a ziweto zina omwe ali pashelefu yomweyo. Enrofloxacin, yemwe oweta nkhuku amamudziwa bwino, amawononga kumbuyo kwa diso la mphaka komwe kumalandira kuwala, ndipo mphaka akachita khungu kawirikawiri saonanso. Malire a mphaka ndi mamiligalamu 5 pa kilogalamu patsiku. Mphaka wa makilogalamu 3 asapitirire mamiligalamu 15, omwe pa botolo la 10% ndi 0.15 ml basi. Munthu wozolowera ng'ombe akakoka 1 ml, yomwe kwa iye ndi kadontho chabe, wapitirira kasanu ndi kamodzi. Ivermectin wa ng'ombe akachuluka amanjenjemeretsa mphaka, kukulitsa mboni za maso ndi kumuchititsa khungu. Ufa ndi mankhwala opopera maso a ng'ombe ndi aukali kwambiri pa diso laling'ono chotere. Dibi wa nkhupakupa wokhala ndi permethrin kapena amitraz ndi poizoni kwa mphaka ngakhale atangopakidwa pakhungu. Panado ndiye asayerekezedwe n'komwe: chiwindi cha mphaka sichitha kumuphwanya, magazi amalephera kunyamula mpweya, nkhama zimada, nkhope imatupa, ndipo piritsi limodzi la mamiligalamu 500 ndi lokwanira kumupha. Brufen amawononga impso. Dettol potsuka nkhope ayi, chifukwa ndi poizoni ndipo mphaka amadzinyambita.

Kutentha nako kumawononga mankhwala. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 40. Chloramphenicol wodontheza amafunika kukhala m'firiji, pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo opaka ambiri analembedwa kuti asapitirire madigiri 25. Shopu yomwe yaika mabotolo pawindo, pansi pa denga la malata, ikugulitsa mankhwala ofooka ngakhale tsiku lake lisanathe. Funsani kumene botolo likusungidwa. Ngati kunyumba kulibe firiji, sankhani opaka, muwakulunge m'pulasitiki n'kuwaika pansi pafupi ndi mtsuko wa madzi. Botolo lotsegulidwa litayidwe pakatha masiku 28.

Alangizi a ziweto a boma, omwe ali pansi pa ofesi ya zaulimi ya Shire Valley ADD yomwe likulu lake lili ku Ngabu, ndiwo anthu ophunzira omwe ali pafupi ndi mudzi. Amadziwa kugwira nyama, amatha kutembenuza chikope n'kuchotsa njere ya udzu, amabaya katemera wa chiwewe, ndipo amazindikira diso lomwe lapitirira msinkhu wawo. Mlangizi yemwe wakuuzani kuti "izi pitani nazo ku Blantyre" wakuthandizani kuposa yemwe wabaya jakisoni kuti musabwerere chimanjamanja. Koma dera la mlangizi mmodzi ndi lalikulu, ndipo chigwa chino ndi cha ng'ombe. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, mphaka wa manthongo sangakhale patsogolo, ndipo palibe angawadzudzule pa zimenezo. Chikwama chawo chimakhala ndi oxytetracycline wobaya, mankhwala a njoka za m'mimba ndi a nkhupakupa. Jakisoni wa oxytetracycline wa ng'ombe amapweteka kwambiri pa mphaka, ndipo pa herpes ndi wopanda ntchito.

Chomwe chingasinthe kwambiri ntchito yawo ndi kanthu kakang'ono: timapepala ta utoto woyezera diso wotchedwa fluorescein ndi tochi ya kuwala kwa buluu. N'totchipa, sitifuna firiji, ndipo timalekanitsa diso lachilonda ndi lopanda chilonda m'mphindi imodzi. Zipatala za maso za anthu zimatigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ngakhale kumeneko mphaka simungapite naye. Malo alionse ogulitsa mankhwala a maso okhala ndi steroid popanda kapepala kameneka akugulitsa mwakungoganizira.

Ku Blantyre kuli madotolo a ziweto omwe amaona agalu ndi amphaka tsiku lililonse, ku makiliniki a anthu paokha komanso ku bungwe loteteza nyama ku nkhanza la BSPCA. Kuchokera pa Chikwawa boma ndi makilomita pafupifupi 50, koma wochokera ku Nsanje akonzekere ulendo wa tsiku lonse. Imbani foni musananyamuke, mufunse zinthu zinayi: ngati dotolo weniweni alipo tsikulo, ngati ali ndi fluorescein, ngati ali ndi choyezera mphamvu ya madzi a m'diso, ndi mtengo wake. Mankhwala ambiri ndi ochokera kunja, ndipo chichokereni pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44% mu Novembala 2023, mtengo womwe mnzanu analipira miyezi yapitayo musaudalire. Tumizani zithunzi pa WhatsApp: chimodzi cha nkhope yonse, china cha diso pafupi, chojambulidwa panja pamthunzi popanda kuwala kwa kamera. Tenganinso machubu ndi mabotolo onse omwe mwagwiritsa ntchito, ngakhale otha. Dotolo ayenera kudziwa ngati steroid analowapo.

Kuyeza kwabwino kuli ndi ndondomeko yake, ndipo mukhoza kuiona ndi maso anu. Dotolo amayamba kumuona mphaka chapatali, ngati maso ndi ofanana kukula ndi ngati mboni zikuchepa akawalitsa tochi. Ngati akufuna kuyeza misozi, amatero asanadontheze chilichonse, poika kapepala kopindika m'chikope chapansi kwa mphindi imodzi. Kenaka amanyowetsa kapepala ka fluorescein, kachikasu kofiirira, ndi dontho la saline, n'kukhudzitsa pamwamba pa choyera cha diso, osati pagalasi. Mphaka akaphethira utotowo umafalikira. Dotolo amatsuka wotsalawo ndi saline, amazimitsa magetsi, n'kuwalitsa tochi ya buluu. Pomwe kagalasi ka diso ndi kathunthu utoto sumata. Pomwe pali chilonda pamawala mobiriwira. Chilonda cha chikhadabo chimaoneka mzere, cha njere ya udzu chimakhala moyang'anizana ndi kachikope kachitatu, pomwe cha herpes nthawi zina chimaoneka timizere ta nthambinthambi ngati timizu ta mbande ya mpunga, ndipo chimenecho sichisokonekera ndi matenda ena. Chilonda chomwe m'mbali mwake mwabiriwira koma pakati pali poda ndi chakuya kwambiri, chatsala pang'ono kubooka. Pakapita mphindi zochepa utotowo umayenera kuonekera pamphuno. Ukapanda kutero, n'kutheka kuti kanjira ka misozi katsekeka, zomwe zimachitika kwa amphaka omwe anadwala chimfine chachikulu ali ana, ndipo amenewa amangotuluka misozi moyo wonse popanda ululu.

Dotolo akamaliza izi amadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, n'kunyamula kachikope kachitatu ndi kopanira kuti aone kuseri. Dotolo yemwe walumpha zimenezi pa diso limodzi losachira sanamalize ntchito, ndipo muli ndi ufulu womufunsa. Mphamvu ya madzi a m'diso la mphaka wabwino imakhala pakati pa 15 ndi 25 mmHg. Ikakwera kwambiri ndi glaucoma, yomwe imapweteka ndipo ikhoza kupha diso. Ikatsika kwambiri, kawirikawiri m'kati mwa diso mwatupa, ndipo pamenepo vuto silikhala la diso lokha. Pamafunika kuyeza magazi kuona za FIV ndi FeLV, tizilombo tofooketsa chitetezo cha thupi la mphaka. FIV imafala kwambiri polumana, n'chifukwa chake imakonda amphaka aamuna osafula omwe amayendayenda usiku. Kwa anthu siyipatsirana.

Pa Chlamydia, mankhwala ndi doxycycline, mamiligalamu 10 pa kilogalamu kamodzi patsiku, kwa masiku osachepera 28, ndipo apitirize milungu iwiri maso atayera. Mphaka wa makilogalamu 3 amafuna mamiligalamu 30. Kapisozi wa anthu ali ndi 100, choncho osamupatsa wathunthu. Kulemera kwake musayerekeze ndi maso: muikeni m'basiketi, mupachike pa sikelo ya pamsika, muchotsepo kulemera kwa basiketi. Doxycycline ali ndi msampha umodzi woopsa. Piritsi louma likakakamira pakhosi limawotcha kholingo, pakapita milungu kholingolo limafinyika, mphaka n'kumabweza chilichonse chomwe wadya. Mukangomumwetsa, mutsirizeni ndi madzi okwana 5 kapena 6 ml pa sirinji yopanda singano, pang'onopang'ono chapambali pakamwa, kapena mumupatse chakudya chofewa nthawi yomweyo.

Pa herpes yovuta, mankhwala akumwa omwe amathandiza ndi famciclovir, mpaka mamiligalamu 90 pa kilogalamu kawiri patsiku, kutanthauza piritsi limodzi la mamiligalamu 250 m'mawa ndi lina madzulo kwa mphaka wa makilogalamu 3. Ndi odula, ndipo sapezeka paliponse, kotero dotolo angafunike kuchita kuitanitsa. Apa chenjerani ndi famase yomwe ingakuuzeni kuti ali ndi "ofanana nawo". Valaciclovir, yemwe kwa anthu ndi m'bale wake, amawononga mafuta a m'mafupa, impso ndi chiwindi cha mphaka mpaka kumupha, ndipo aciclovir wakumwa nayenso ndi woopsa kwa mphaka. Lysine, mankhwala owonjezera pa chakudya omwe amatamandidwa kwambiri pa intaneti, kafukufuku sanasonyeze kuti amathandiza, ndipo ndalama zake ndi bwino zigulire chakudya chabwino. Dotolo woona mtima adzakuuzaninso kuti herpes siyichotsedwa m'thupi. Cholinga ndi kufupikitsa matenda akabwera ndi kuteteza diso kuti lisatsale ndi ng'ala.

Chilonda wamba chimapola m'masiku 5 mpaka 7. Chikapanda kupola, pali chomwe chikuchiletsa, ndipo kusintha mtundu wa mankhwala odontheza si yankho. Nthawi zina chikope chapindikira m'kati ndipo ubweya ukukhula diso, zomwe zimakonzedwa ndi opaleshoni yaing'ono yochotsa kachikopa pansi pa chikope. Madotolo ozolowera agalu ndi amphaka amatha kuichita. Nthawi zina pagalasi pamabwera chibanga chofiirira chomwe chimada pang'onopang'ono, mnofu wakufa womwe madotolo amautcha sequestrum. Nthawi zinanso pamamera timabanga toyera totumphuka, ta eosinophilic keratitis, tomwe timadziwika pokanda pang'ono n'kuona pa maikulosikopu. Matenda a timabanga toyerawa ndi amodzi mwa ochepa omwe steroid kapena ciclosporin amafunikadi, koma moyang'aniridwa, chifukwa herpes amakhala ali pafupi.

Pamenepa m'pomwe thandizo la ku Blantyre nalo limayamba kuchepa. Kusenda sequestrum kapena kusoka chigamba pa chilonda chakuya ndi ntchito ya katswiri wa maso a nyama, wokhala ndi maikulosikopu ya opaleshoni ndi ulusi wowonda kuposa tsitsi. Dziko lino layamba kuphunzitsa lokha madotolo a ziweto ku LUANAR, ku Bunda, m'zaka zaposachedwa, koma ukatswiri wa maso ndi maphunziro ena a zaka zingapo pamwamba pake. Akatswiri otere ali ku South Africa, ku Johannesburg komanso ku Onderstepoort, sukulu ya madotolo a ziweto ya University of Pretoria. Kwa woweta wa ku Bangula kupititsa mphaka kumeneko n'zosatheka, ndipo palibe chifukwa chonamizana. Chotheka n'chakuti dotolo wanu atumize zithunzi ndi zotsatira za kuyeza kwa katswiri kuti amve maganizo ake. Mufunseni ngati amatero. Dotolo wodziwa malire ake sakhumudwa ndi funsoli.

Diso lomwe laphulika, kapena lakufa koma likupwetekabe, ndi bwino lichotsedwe. Anthu ambiri amakana pomva chisoni, ena poopa zonena za anthu, poti nkhani za amphaka ndi ufiti sizinathe m'midzi yathu ndipo wa diso limodzi amawonjezera miseche. Koma mphaka wochotsedwa diso kawirikawiri amayamba kudya pasanathe masiku awiri, ulusi umachotsedwa pakatha masiku 10 mpaka 14, ndipo amagwirabe makoswe. Kusiya diso lakufa kuli ndi ngozi ina yomwe imachitika mwa amphaka: pakapita zaka, diso lomwe linavulala kwambiri likhoza kuyambitsa khansa yaukali yomwe imatsata mtsempha kulowera ku ubongo.

Zina sizidikira sabata. Diso lotuwa mwadzidzidzi, lotupa kuposa linzake, lokhala ndi magazi m'kati, kapena lokhala ndi kadzenje pagalasi, lipite tsiku lomwelo kapena mawa lake m'mawa. Mphaka wokalamba yemwe wayamba kugunda zinthu, mboni zili zazikulu ngakhale padzuwa, kawirikawiri BP yake yakwera chifukwa cha impso. Ikapitirira 160 imayamba kuwononga maso, ndipo mankhwala otsitsa BP a amlodipine akayambidwa msanga nthawi zina kuona kumabwerera. Njoka yolavula ija, yomwe m'chigwa muno ilipo yambiri ndipo imalowa m'nyumba ndi m'makola posaka makoswe ndi achule, imalunjika m'maso. Mphaka akabwera akulira, maso onse otsekeka ndi misozi yambiri, mukulungeni m'chitenje, mutsuke maso ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 mpaka 20 osalekeza. Pamenepa musafunefune saline, madzi akumwa alionse ndi abwino. Mukatero pakani tetracycline wopanda steroid, ndipo diso likayezedwe, chifukwa ululu wa njokayi umasiya zilonda.

Ulendo wokha umapha amphaka ngati sunakonzedwe bwino. Thumba la ufa ayi. Gwiritsani ntchito basiketi ya pulasitiki ya chivundikiro, yomangidwa ndi waya kapena chingwe, pansi muyale nsalu, pamwamba muphimbe ndi chitenje chonyowa koma mbali imodzi ikhale yotsegula. Nyamukani m'bandakucha kuti mukwere phiri dzuwa lisanakule. M'minibasi basiketi ikhale pamiyendo, osati m'buti kapena pamwamba pa injini. Mphaka akayamba kupuma pakamwa potsegula, watenthedwa kwambiri: tsikani, mumunyowetse mapazi ndi makutu, mudikire pamthunzi. Ngati n'kutheka kuti adzagonekedwa ndi mankhwala, funsani pafoni nthawi yomuleketsa chakudya.

Mukabwerera kunyumba, ntchito yaikulu ndi yanu, ndipo mankhwala abwino ambiri amalephera pamenepa. Yalani chitenje pansi, muike mphaka pakati atayang'ana kutsogolo, mukulunge mbali imodzi mozungulira khosi ndi miyendo yakutsogolo, kenaka inayo, kuti mutu wokha utuluke. Khalani pansi mumupanikize pakati pa ntchafu, msana wake uli kwa inu. Dzanja lamanzere ligwire chibwano n'kukweza mutu pang'ono, chala chachikulu chikokere chikope chapansi. Dzanja lamanja libwere kuchokera kumbuyo kwa mutu, litsamire pamutupo, kuti akagwedezeka botolo ligwedezekere limodzi naye. Dontho limodzi ndi lokwanira, lachiwiri limangotayikira patsaya. Kamwa la botolo lisakhudze diso. Ngati mankhwala ndi awiri, siyanitsani mphindi 5, odontheza ayambe, opaka atsirize. Musanaike, pukutani manthongo ndi thonje lonyowa kuchokera kumphuno kupita kunja, diso lililonse thonje lake.

Madzi otsukira mukhoza kupanga: theka la lita ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, ndi mchere wa magalamu 4.5, womwe ndi supuni ya tiyi yosadzaza. Pangani atsopano tsiku lililonse. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi a mchere kale, ndipo amenewo musawonjezere mchere. Ndi bwino kugula saline wa ku famase. Mkaka, madzi a shuga, tiyi kapena madzi a masamba ofinya m'diso zimangolowetsa mabakiteriya pa chilonda. Mphaka wachilonda avale kolala yomuletsa kudzikanda, yomwe mukhoza kudula ku pulasitiki yolimba, m'mphepete mwake n'kumata tepi, yotalika kupitirira mphuno pang'ono, yomasuka moti zala ziwiri zilowe pakhosi. Mbale zake zitsukidwe ndi Jik wosungunula, gawo limodzi ku magawo 32 a madzi, n'kuzitsukuluza bwino.

Chakudya chimakhudza maso kuposa momwe ambiri amaganizira. Mphaka wongodya nsima ndi msuzi amasowa taurine, yemwe amapezeka m'nyama ndi m'nsomba mokha. Pakapita miyezi kumbuyo kwa diso kumawonongeka, ndipo sikubwerera. Wosaka makoswe amadziteteza yekha, koma wodwala, wotsekeredwa m'nyumba atavala kolala, akudalira inu. Mpatseni nsomba yophika yopanda minga kapena nyama tsiku lililonse, yofunda pang'ono kuti fungo limufike ngakhale mphuno zatsekeka. Mphaka woyera nkhope ali ndi mdani wina, dzuwa la m'chigwa. Kachilonda ka nkhanambo m'mphepete mwa chikope, pamphuno kapena kunsonga ya khutu, komwe kakukana kupola mwezi wathunthu, kawirikawiri ndi khansa ya pakhungu. Ikadali yaing'ono imadulika. Otere asungidwe pamthunzi masana.

Ana amphaka amatsegula maso pakati pa masiku 7 ndi 14. Chikope chikatupa chisanatseguke, m'kati muli mafinya. Ikani thonje lofunda kwa mphindi zochepa, mutsegule pang'onopang'ono ndi zala kuyambira kumphuno, mutsuke, mupake tetracycline. Mukadikira kuti litseguke lokha, chikope chikhoza kumatirira ku diso mpaka kalekale.

Katemera wa matenda atatu, wophatikiza herpes, calicivirus ndi panleukopenia, amabayidwa mwana ali ndi milungu 8 kapena 9, kenaka pa 12, ndipo ndi bwino kutsiriza pa 16. Saletseratu kutenga kachilombo, koma amachepetsa kwambiri kukula kwa matenda, ndipo amasiyana ndi wa chiwewe yemwe amabayidwa pa makampeni. Ambiri amaganiza kuti mphaka wawo "anabayidwa kale" pomwe analandira wa chiwewe yekha. Onse awiri ndi ofunika. Wa matenda atatuyu m'chigwa muno sapezeka kawirikawiri, ndipo amafa akatuluka m'madigiri 2 mpaka 8, choncho wobwera naye m'thumba la malaya pa njinga yamoto masana musamulipire. Ngati mukupita ku Blantyre ndi mphaka wodwala, funsani dotolo tsiku loti mudzabwere ndi ana athanzi otsala kunyumba, m'basiketi ina yotsukidwa, kapena ngati angakonze zoti katemerayo atsike m'bokosi la ayezi kwa mlangizi wa dera lanu, oweta angapo mutasonkhana tsiku limodzi.